Mutu wa Mbuzi ya Mwanabibi

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, mu 1995, Farida Shaibu anabwerera kwawo ku Kachulu atakhala kumbuyo kwa pikapu, dzanja lili pa bokosi lachitsulo kuti lisamadumphe m'mabampu. Anali atachoka pamudzi zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo kukaphunzira za matenda a ziweto. Zaka ziwiri zomaliza anakhala kunja kwa dziko, m'chipinda chopanda mawindo, akuyeza ubongo wa makoswe oyera. Amene ankayendetsa galimotoyo anali bwana wake pa kafukufukuyu, Dokotala Dunstan Pitala, munthu wanthabwala, wopatsa moni aliyense ndi manja awiri.

Padoko panalibenso fungo la matemba. Mabwato anali atagona pamatope ong'aluka, ndipo anthu ankapita ku chilumba cha Chisi wapansi, ena panjinga. Asodzi amene anali asanamangepo khola tsopano ankadalira mbuzi, ndipo mbuzizo ndi zimene zinayamba kudwala. Mbuzi inkayamba kuyenda mozungulira mbali imodzi, kenako n'kumakankha khoma ndi mutu, kenako n'kumagwa ndi kuphupha, thovu lili kukamwa. Ikadzuka inkadya bwinobwino ngati palibe chachitika, mpaka tsiku limene sinadzukenso.

Makina oyezera ubongo amene anali m'bokosi lija anawaika mu shedi yakale yosungiramo nsomba zouma, jenereta n'kuisiya panja. Anali olemera ngati thumba la mpunga. Kuchokera m'mimba mwake munkatuluka chingwe chonenepa chothera ku mawaya awiri okulungidwa, ophatikana ngati nambala eyiti. Farida ankaika mawayawo pamutu pa mbuzi, a Pitala n'kudina batani. Pankamveka kaphokoso ngati kuthyoka kwa bango louma. Mphamvu ya maginito inkadutsa chikopa ndi fupa popanda kuboola, n'kukagunda ubongo, ndipo mwendo wa mbuziyo unkadzidzimuka wokha. Timawaya tina tomata pamwendopo tinkasonyeza nthawi imene uthenga watenga kuchoka kumutu kukafika kumwendo. Mwa mbuzi yodwala uthengawo unkachedwa, kapena osafika n'komwe. Amayi apadoko ataona chinthu chokulungidwa chikuikidwa pamutu, anangochitcha nkhata, ndipo dzinalo linakhala lomwelo.

Aliyense wobwera ndi mbuzi, Farida ankamuuza mawu amodzimodzi. "Nkhatayi siichiza. Imangotiuza mmene ubongo ukulankhulira ndi mwendo." Anthu ankagwedeza mutu, koma iye ankaona kuti akumvera mwaulemu chabe.

Farida anali ndi mkulu wake, Mwanabibi, amene anayamba kugwa khunyu ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tsopano anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Mkono wake wamanzere unali ndi chipsera chonyezimira kuyambira pachigongono mpaka kuzala, chifukwa anagwera pa uvuni wowambira milamba. Mwamuna wake anapita kukagula maukonde ku Mozambiki n'kukhazikika komweko. Makolo awo atamwalira, Mwanabibi ankakhala kuseri kwa nyumba ya amalume awo, Che Saidi, ali ndi mbale yakeyake ndi chikho chakechake, poti anthu ankati thovu la wakhunyu limapatsira. Chuma chake chinali mbuzi imodzi yofiira, yothyoka nyanga, ndipo nayo inayamba kuzungulira.

Anaikokera yekha ku shedi.

"Imagwa ngati ine," anatero kwa mng'ono wake. "Ndiye uione bwino."

Farida anaiyeza katatu m'sabata imeneyo. Kumbali ya kumanja uthenga unkachedwa kwambiri, ndipo analemba zimenezo m'kope lake. Koma itachoka pamenepo mbuziyo inatha sabata osagwa. Inatha yachiwiri, kenako yachitatu. Mwanabibi ankawerenga masikuwo mokweza kwa aliyense wodutsa panjira. Lachisanu anthu akutuluka mu mzikiti, nkhani inali yomweyo: nkhata yachiza mbuzi ya Mwanabibi.

Lolemba m'mawa Farida anapeza anthu khumi ndi anayi atakhala pamthunzi wa shedi, ndipo panalibe mbuzi ndi imodzi yomwe. Ena anachokera kwa Kuntumanji panjinga. Panali bambo wa zipsera kumaso, mtsikana wopanda mano akutsogolo, ndi mayi wobereka mwana wamkulu ndithu amene miyendo yake inkafika m'mawondo mwa amake. Patsogolo pa onse panakhala Mwanabibi, atavala chitenje chake cha pa Idi.

A Pitala anamukodola Farida kuti alowe, n'kutseka chitseko.

"Mayi Shaibu, mwawaona anthu aja?"

"Ndawaona. Ndikukawauza kuti abwerere."

"Dikirani kaye." Anakhala pa bokosi, n'kutulutsa kalata m'thumba la malaya. "Eni makinawa, amene anatibwereka, akuwafuna mu Januwale. Akuti za mbuzi sizikuwapatsa chidwi. Tikapanda kuwaonetsa kanthu kena, atenga, ndipo makina otere sadzabweranso kuno tili moyo. Kumaiko akunja anthu akuikidwa kale nkhata pamutu. Munaona nokha."

"Anthu abwinobwino, a Dokotala, m'chipatala, dokotala wa anthu ali pambali. Akhunyu ankawapatula."

"Ena akuyesa ndi akhunyu omwe."

"Atapempha chilolezo, mpweya ndi jakisoni zili pafupi. Ife tili mu shedi ya nsomba. Inu ndi ine ndife a ziweto."

"Mphamvu yochepa chabe. Anthu asanu. Afuna okha, sitinawaitane."

Farida anali asanakanganepo ndi munthu ameneyu. A Pitala ndiwo anamulembera kalata yomupezera malo kunja, ndiwonso anamuphunzitsa kugwira mbuzi popanda kuiopseza. Ankadziwanso kuti a Pitala sankanama ponena kuti makinawo sadzabweranso. Koma iye anali ataonapo khoswe wa khunyu akugundidwa ndi nkhata mobwerezabwereza, n'kuuma thupi lonse patebulo, ndipo anatha mphindi zambiri akuphupha m'manja mwake.

"Wina akagwa pano n'kusadzuka, tidzati chiyani?"

"Amagwa kale tsiku ndi tsiku."

"Amagwa okha. Sitiwagwetsa ndife."

A Pitala anaimirira. Nthabwala zinali zitawachoka kumaso. "Mkulu wa kafukufukuyu ndine. Mukapanda kugwira nkhata, ndigwira ndekha."

Farida anapita kuseri kwa makina, n'kupotokola chingwe cha nkhata mpaka chinazuka. Anavula chitenje chimene ankavala pamwamba pa siketi, n'kukulunga nkhatayo pamodzi ndi chingwe chake, n'kuimanga kumsana ngati mwana. Kenako anatsegula chitseko.

Anthu aja anadzuka. Farida anawapatsa moni mmodzimmodzi, monga analeredwera, ndipo atamaliza anati, "Mwayenda mtunda wautali, pepani. Koma pano sitiika munthu nkhata. Siichiza, ndipo kwa munthu wakhunyu ikhoza kuyambitsa kugwa."

Amene anayankha anali Mwanabibi, osadzuka pamene anakhala.

"Iwe Farida, mbuzi yanga yatha masiku angati osagwa?"

"Makumi awiri ndi atatu, achemwali."

"Ine chiyambire sindinathe masiku amenewo. Ndiye ukuti mbuzi ndi yoyenera, ine ayi?"

"Mbuziyo sinachire. Matendawa amapuma, kenako n'kubwerera. Inunso mukudziwa, pali miyezi imene mumapezako bwino."

"Usandiphunzitse matenda anga." Mwanabibi anakweza mkono wa chipsera uja kuti onse auone. "Unali ndi zaka zisanu pamene ndinayamba kugwa. Ukupita kusukulu, ine ndinkakuchapira yunifomu ndi dzanja limodzi. Anandipatsa mizu, ndinamwa. Anandilembera matalasimu a m'chithumwa, ndinavala. Anandipatsa mapiritsi, anatha, ndipo titapitanso anati kulibe. Lero mwana wa mayi anga wabwera ndi chinthu, akuti ndi cha mbuzi. Ukuopa kuti ndifa? Ndikafa ndafa ine. Mutu ndi wanga."

"Mutu ndi wanu, koma dzanja ndi langa. Sindiika."

Bambo wa zipsera kumaso uja analavula pansi. Mayi wobereka mwana anayamba kulira mwakachetechete. A Pitala anali ataima pakhomo, manja m'thumba. Ankadikira kuti anthuwo amugonjetse okha.

"Ukuti m'mutu mwa mbuzi yanga mukadali matenda?" anafunsa Mwanabibi.

"Eya."

"Ukuwaona?"

"Sindikuwaona. Koma mwa mbuzi zisanu ndi imodzi zimene zinafa, ndinapezamo kathumba ka madzi kopanikiza ubongo. Manambala a mbuzi yanu akufanana ndi a zimenezo."

"Ndiye tiizinge. Tione tonse."

"Ndi mbuzi yanu yokhayo, achemwali."

"Ndikudziwa kuwerenga mpaka pa imodzi. Tikapeza mulibe kanthu, undiika nkhata lero lomwe."

Farida anakonza katundu wa kumsana uja. Akanatha kuvomera, poti mwina kathumbako kanalimo ndithu. Koma anati, "Ngakhale tipeze mulibe, sindikuikani. Ndikuuziranitu, kuti musaphe mbuzi yanu mukuyesa tapangana."

Mwanabibi anadzuka, n'kukung'untha fumbi pa chitenje.

"Ndiizingabe. Ndikufuna ndidziwe ngati ukundimana chifukwa cha chilungamo kapena chifukwa cha mwano."

Anthu onse anatsatira mpaka kwa Che Saidi. Mkuluyo anali pakhonde akusoka ukonde umene unalibe poponya. Atamva nkhaniyo anayesa kuletsa.

"Mwanabibi, mvula ili kutali, nyanja kulibe. Udya chiyani?"

"Ndidya mbuziyo, amalume. Nolani mpeni."

Che Saidi anaigoneka pansi pa mtengo wa mango, nkhope yake kuloza ku Kibula, kumene Asilamu amayang'ana popemphera, n'kutchula dzina la Mulungu, n'kuizinga. Mutu anauika pa mphasa. Farida anagwada ndi kasowo kake kakang'ono, nkhata ikadali kumsana, ndipo anayamba kucheka fupa pamwamba pa maso. Anali atachita zimenezi kambirimbiri, koma lero ankacheka pang'onopang'ono. Ankaganiza za mbuzi ziwiri zimene anatsegula mwezi wathawo n'kupezamo ubongo wooneka wabwinobwino. Zimenezo sanazitchule pa shedi paja, ndipo tsopano zinkamuluma mumtima. Anasiya kucheka n'kutukula mutu.

"Ndisanatsegule, pali china. Mbuzi zisanu ndi imodzi ndinapezamo kathumba, koma ziwiri sindinapezemo. Ndinayenera kunena poyamba."

"Tsegula," anatero Mwanabibi.

Fupa linatukuka ngati chivundikiro. Kumbali imodzi ubongo unali wathunthu. Kumbali inayo unali utaphwatalala, wopyapyala, ndipo pamalo pake panakhala kathumba kowala, kakukulu ngati dzira la nkhuku, kodzaza madzi oyera. Farida anakatulutsa ndi supuni pang'onopang'ono n'kukaika mu mbale. M'kati mwake munkaoneka timadontho toyera ngati misere ya mpunga.

"Ameneyu ndi mwana wa nyongolotsi ya m'mimba mwa galu," anatero. "Galu akadya mutu wa mbuzi yodwala, nyongolotsi imakulira mwa iye. Akachita chimbudzi pamsipu, mbuzi ina imadya mazira ake. Nkhata sinakakhudze n'komwe kathumbaka. Mbuziyi ikanagwanso."

Anthu anayandikira mmodzimmodzi kusuzumira mu mbalemo. Mayi wobereka mwana anafunsa ngati mwana wake nayenso ali ndi kathumba kotero. Farida anati sakudziwa, kuti khunyu la anthu lili ndi zoyambitsa zambiri, ndipo amene angamuone mwanayo ndi a chipatala, osati iye. Anapempha mayina a onse ndi midzi yawo. Asanu ndi anayi anapereka. Ena anakwera njinga zawo osatsanzika.

Mwanabibi anayang'ana mu mbale kamodzi kokha. Kenako anatenga mpeni wa amalume ake n'kuyamba kusenda mbuzi yake, ataipanira ndi bondo pamene dzanja lamanzere linkalephera. Farida atafuna kumugwirira mwendo, anamukankha ndi chigongono.

Madzulo a tsiku lomwelo a Pitala anabwera kudzaitanitsa nkhata.

"Mwapambana, Mayi Shaibu. Bweretsani katundu wa eni ake."

"Ndikakupatsirani ku Zomba, makina akakwera galimoto. Pano ayi."

"Ndiye kuti simukundikhulupirira?"

"M'mawa muja munanena kuti mugwira nokha. Ndinakukhulupirirani."

A Pitala anamuuza kuti kulanda chipangizo cha kafukufuku ndi mlandu wochotsetsa ntchito. Farida anati akudziwa. Anagona nayo nkhatayo masiku anayi, ndipo Lachisanu anakweza makina pa pikapu, iye n'kukhala kumbuyo mpaka ku Zomba. Kumeneko anapereka nkhata pamodzi ndi kalata ya masamba awiri yofotokoza zonse zimene zinachitika, ina n'kuitumiza kwa eni makina. Eni makinawo sanayankhe. Imene inabwera, patatha mwezi, inali kalata yomuchotsa ntchito chifukwa cha kusamvera. A Pitala analembako pansi ndi bolopeni kuti akumufunira zabwino, ndipo Farida ankakhulupirira kuti analemba zochokera mumtima.

Farida anabwerera ku Kachulu ndipo sanachokekonso. Anali ndi kope lake, kasowo, ndi njinga ya amalume ake. Tsiku la msika ankaima pamene amazingira mbuzi n'kumatsutsana ndi ogulitsa nyama kuti asaponyere agalu mitu ya mbuzi zodwala, aziitentha kapena kuikwirira mozama. Poyamba ankamuseka. Ankamutcha mayi wa nkhata, ena n'kumati ndi uja anamana mkulu wake mankhwala. Wogulitsa nyama wina, Jafeti, anaponya mutu dala patsogolo pake kuti aone chimene achite. Farida anathamangitsa galuyo mpaka kuseri kwa chigayo, n'kumulanda mutuwo, n'kubwerera nawo ali wefuwefu, siketi itang'ambika. Anautsegula patebulo la Jafetiyo, makasitomala akuona. Kuyambira tsiku limenelo Jafeti anakumba dzenje kuseri kwa benchi yake, ngakhale moni sankamupatsabe.

Anthu asanu ndi anayi aja anawayendera onse. Anapita nawo kuchipatala awiriawiri, ndipo mapiritsi akasowa ankabwereranso sabata yotsatira, n'kukhala pabenchi mpaka wina atamuyankha. Mwana wamkulu uja anamwalira mvula isanagwe. Mtsikana wopanda mano akutsogolo anayamba kutha miyezi osagwa.

Mwanabibi yekha ndiye anakana. Ankadutsana ndi mng'ono wake pabwalo limodzi ngati alendo. Farida akamusiyira ndiwo pakhomo, mbale inkabwerera yosakhudzidwa. M'mwezi wa Disembala anagwa kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anatema chipumi pa mtondo. Farida anamugoneka cham'mbali, n'kumupukuta magazi, n'kukhala naye mpaka anatsitsimuka. Atatsegula maso n'kuona amene wamugwira, Mwanabibi anatembenukira kukhoma.

Tsiku lina mu Febuluwale, mpunga utayamba kubiriwira m'madambo, Farida anamupeza pa siteji ya minibasi, kachikwama kali m'khwapa.

"Mukupita kuti, achemwali?"

"Ku Zomba. Akuti mtsikana wopanda mano wa kwa Mwambo uja sakugwanso."

Anali mawu oyamba kumulankhula m'miyezi inayi. Farida anatsamiritsa njinga pamtengo. "Dikirani ndikasiye njingayi, tipitire limodzi."

"Ayi."

"Nanga mukagwa m'njira?"

"Ndikagwa m'minibasi, ndidzuka m'minibasi momwemo. Ungondiuza khomo lolowera ndi dzina la mapiritsiwo."

Farida anang'amba pepala m'kope, n'kulemba, n'kumuwerengera kawiri. Anamuuza kuti akafunse kuti achite chiyani mapiritsi akamamugonetsa masana, ndiponso kuti asadzawasiye mwadzidzidzi. Mwanabibi anapinda pepalalo n'kulimanga pa nsonga ya chitenje.

"Sindinakukhululukire," anatero.

"Ndikudziwa."

"Ukanatha kungondikhudza nayo nkhata ija pamutu osayatsa. Ndikanapita kunyumba ndili wosangalala."

"Mukanagwanso, ndipo mukanadziwa kuti ndinakunamizani."

Minibasi inafika, Mwanabibi n'kukwera. Kondakitala atafuna kumukhazika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi matumba a makala, iye anakana, n'kukhala pampando wa pakhomo. Mayi amene anali pamenepo anamuzindikira n'kusendera kutali. Mwanabibi anatambasula miyendo pamalo amene anasiyidwawo.

Anabwerako dzuwa likupendeka, ali ndi kabotolo ka mwezi umodzi. Kugwa sikunathe, koma chaka chimenecho anagwa kanayi kokha. Mwezi uliwonse ankapita yekha, ndipo ulendo wina mapiritsi atasowa anakhala pakhomo la ofesi kuyambira m'mawa mpaka masana, kukana kusuntha, kufikira atamupezera kwina. Farida anamva nkhani imeneyi kwa anthu ena. Iye panthawiyo anali akulembanso lipoti lake la mbuzi makumi anayi ndi ziwiri, limene magazini awiri a zasayansi anali atalikana kale. Analikonza, n'kulitumiza kwachitatu.